Funsani Akadaulo: Nyimbo za ku Ulaya za m'ma 1500 pakamwa pa oimba a lero

Mwezi uno makalata angapo akhudza nkhani imodzi: nyimbo zakale za ku Ulaya, makamaka za nyengo yotchedwa Renaissance, kuyambira cha m'ma 1400 kufika cha m'ma 1600, zimene magulu a masiku ano amaimba popanda zida. Tasankhapo asanu, ndipo aphunzitsi a zoimba amene amatithandiza pa tsambali ayankha.

Akonzi, ndinamva pa YouTube gulu la anthu ochepa likuimba Misa ya Chilatini ya Palestrina popanda limba kapena piyano. Sindinamve tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, koma thupi linachita tsemwe, ndipo ndaibwereza kambirimbiri. Chikundikoka n'chiyani kwenikweni? — Wokonda nyimbo

Chimene khutu lanu lagwira msanga, ngakhale simunachitchule dzina, n'chakuti m'nyimbo zimenezi mulibe bwana. M'nyimbo zambiri za m'mabuku a tchalitchi soprano ndiye amanyamula chuni, pamene alto, tenor ndi besi amangomuchirikiza, onse n'kumasintha manotsi nthawi imodzi. Kwa olemba nyimbo monga Josquin des Prez, amene anamwalira mu 1521, kapena Palestrina wa ku Italy, amene anamwalira mu 1594, gawo lililonse lili ndi chuni chakechake, chokoma ngakhale mutachiimba pachokha. Akatswiri amati polyphony. Kawirikawiri gawo limodzi limayamba kachuni, lachiwiri n'kukatola pamwamba kapena pansi pang'ono loyambalo lisanamalize, kenako lachitatu, kenako lachinayi, zonse n'kupotana ngati chingwe cha nkhosi zinayi. Ndiye chifukwa chake nyimboyo siitopetsa mukaibwereza: ulendo uliwonse khutu limatsatira gawo lina.

Tsemwe mukunenalo limachokera kwambiri ku disikodi yochita kukonza. Tiyerekeze kuti alto wagwira do, ndipo akugwirizana bwinobwino ndi anzake. Besi n'kusamukira pa so, tenor pa re, koma alto osasuntha. Tsopano do wa alto ndi re wa tenor akukhulana, ndipo khutu likufuna kuti wina agonje. Patapita kanthawi alto amatsika sitepe imodzi kupita pa ti, zonse n'kukhala myaa. Masitepe ndi atatu nthawi zonse: kukonzekera, kukhulana, kumasuka. Olemba nyimbo a nthawi imeneyo anali ndi malamulo okhwima pa nkhaniyi, disikodi sinkangotulukira paliponse, ndiye ikafika imamveka yamtengo wapatali.

China n'chovuta kuchimva ndi maganizo koma thupi limachimva. Oimba opanda piyano amatha kuyeretsa mgwirizano wa manotsi kuposa mmene piyano ingachitire. Tengani do amene amanjenjemera ka 264 pa sekondi. Mi wogwirizana naye ndendende amanjenjemera ka 330, ndipo so ka 396. Koma piyano, poti inachunidwa kuti izitha kuimba m'makiyi onse 12, imaika mi ameneyu pafupifupi pa 332.6. Kusiyana kwakung'onoku kumabweretsa kakugunda kofulumira, pafupifupi ka 10 pa sekondi, kamene tinakazolowera mpaka sitikamvanso. Gulu laluso likatsitsa mi pang'ono, kakugundako kamazimirira, ndipo mawu a anthu khumi amalira ngati a chinthu chimodzi. M'tchalitchi cha miyala, mmene mawu amakhalitsa masekondi angapo asanazime, kuyera kumeneku kumachita kuonekeratu.

Bambo anga amati zimene timamva pa ma CD ndi mmene ankaimbira ku Roma zaka 450 zapitazo. Ine ndikukayika. Akulondola ndani? — Wophunzira wa ku koleji

Mukulondola ndinu, koma muwauze mwaulemu, chifukwa manotsi ambiri ndi omwewo ndithu. Chasintha ndi pakamwa.

Palibe munthu wamoyo amene anamva kwaya ya m'ma 1500. Tili ndi mapepala a nyimbo, mabuku a aphunzitsi a nthawiyo, zithunzi zojambula pamanja, ndi mabuku a malipiro osonyeza kuti tchalitchi chakuti chinali ndi oimba angati. Mapepalawo sanena kuti apa mukweze mawu, apa muchepetse, apa mufulumire. Zonsezo amasankha ndi oimba a lero.

Kamvekedwe kosalala, kowala, kosanjenjemera kamene ambiri amakaganizira akamva dzina loti Renaissance kanakula kwambiri ku England m'zaka za m'ma 1970. Peter Phillips anayambitsa gulu la oimba la The Tallis Scholars mu 1973, The Hilliard Ensemble inayamba mu 1974, ndipo The Sixteen ya Harry Christophers inatsatira kumapeto kwa zaka zomwezo. Ambiri mwa oimbawa anaphunzira m'makwaya a ku Oxford ndi Cambridge ndi m'matchalitchi akuluakulu a Anglican, ndipo anabwera ndi khutu la kumeneko. Chimbale cha The Tallis Scholars cha Misa ziwiri za Josquin chitapambana mphoto ya chimbale cha chaka ya magazini ya Gramophone mu 1987, anthu ambiri anayamba kuona kamvekedweka ngati muyeso.

Koma taonani kusiyana. M'magulu ambiri a lero soprano amaimba ndi amayi. M'makwaya a matchalitchi akuluakulu a nthawi ya Palestrina amayi sankaloledwa: gawo lapamwamba ankaimba ndi anyamata aang'ono, kapena amuna oimba ndi mawu aang'ono a falsetto, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kwaya ya Papa inayamba kulemba ntchito amuna ofulidwa ali ana. Sikuti amayi sankaimba konse ayi. Masisitere ankaimba nyimbo zotere m'nyumba zawo, ku Ferrara kunali gulu lotchuka la amayi kuyambira mu 1580, ndipo Maddalena Casulana anasindikiza buku lake la nyimbo ku Venice mu 1568.

Kukwera kwa kiyi nakonso si kwakale. Muyeso woti notsi la A lizinjenjemera ka 440 pa sekondi unagwirizanidwa m'zaka za m'ma 1900. Kale mzinda uliwonse, ngakhale limba lililonse, linali ndi muyeso wake, ndipo oimba opanda zida ankangoyambira pamene pakhosi pawo pakhala bwino. Nyimbo zina, kuphatikizapo Missa Papae Marcelli ya Palestrina imene inasindikizidwa mu 1567, zinalembedwa ndi zizindikiro zooneka zokwera, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti zizindikirozo zinkauza oimba kuti atsitse nyimbo yonse manotsi angapo. Mukaitsitsa choncho imakhala yakuya, yofunda, yaamuna. Mukaiimba mmene ikuonekera papepala imawala. Pa zimbale mupeza zonse ziwiri.

Chitsanzo chosangalatsa kwambiri ndi Miserere ya Gregorio Allegri, ya m'ma 1630, yochokera pa Salimo 51. Anthu amaikondera notsi la C lapamwamba zedi limene soprano mmodzi amakwera nalo. Allegri sanalilembe notsi limenelo. Linabwera chifukwa cha zokometsera zimene oimba ankawonjezera m'zaka zotsatira, kuphatikizapo kulakwitsa kwa okopera ndi osindikiza a m'zaka za m'ma 1800. Lero kuimba nyimboyi popanda C ameneyu kumakhumudwitsa omvera amene alipira khomo.

Ife sitiona vuto pamenepa, bola osanamiza anthu. Kukoma kwina kwa nyimbozi n'kwakuti wolemba anasiya mpata waukulu, ndipo m'badwo uliwonse umaudzaza ndi khutu lake. Mukafuna umboni, mverani nyimbo imodzi kwa The Tallis Scholars, kenako kwa gulu la ku Antwerp lotchedwa Graindelavoix, limene limaimba ndi mawu okhakhala, otsetsereka, odzala zokometsera. Ena amadana nalo kotheratu. Komabe palibe angalumbire kuti mwa awiriwa ndi uti ali pafupi ndi zakale.

Ndine kwayamasitala wa gulu la anthu 24. Tinayesa Sicut cervus ya Palestrina. Pofika kumapeto tinali titatsika theka la toni, a alto anasochera pakati, ndipo nyimbo yonse inkamveka yolemera ngati tikukoka katundu. Talakwitsa pati? — Kwayamasitala

Mwasankha bwino, Akwayamasitala. Nyimboyi ndi ya magawo anayi, mawu ake ndi a Salimo 42 onena za nswala yolakalaka madzi, ndipo imatha mphindi zitatu kapena kucheperapo. Mavuto atatu mwatchulawa ali ndi magwero osiyana.

Tiyambe ndi kulemera, chifukwa mukakonza kumeneku zina zimatsatira. Mwina mukumenya kanayi pa bala iliyonse (kachigawo ka pakati pa mizere iwiri yoimirira papepala la nyimbo), ndipo oimba akutsindika kugunda koyamba. Oimba a Palestrina analibe mizere ya mabala. Aliyense ankawerenga gawo lake lokha, kaya m'kabuku kake kapena m'buku lalikulu loikidwa patsogolo pa onse, ndipo dzanja la wotsogolera linkangotsika ndi kukwera mofanana. Mizere imene mukuiona papepala lanu anaiika ndi akonzi a masiku ano. Franchinus Gaffurius, polemba mu 1496, anayerekezera kugunda kumeneku ndi kugunda kwa mtima wa munthu wopuma mwabata. Choncho menyani kawiri pa bala, cha pakati pa 56 ndi 66 pa mphindi ngati notsi logundapo ndi minim (notsi loyera lokhala ndi mchira), ndipo auzeni oimba kuti kutsindika kumachokera ku mawu, osati ku mzere. M'Chilatini timatsindika chonchi: SI-cut CER-vus de-SI-de-rat ad FON-tes a-QUA-rum. Poti magawo salowa nthawi imodzi, kutsindika kwa tenor kumagwa pena, kwa soprano pena, ndipo m'menemo ndi mmene muli moyo wa nyimboyo. Pa pulakatisi yoyamba aliyense alankhule mawuwo mokweza, motsatira utali wa manotsi, osaimba. Gwirizananinso katchulidwe: ku Italy, kumene Palestrina ankakhala, cervus imayamba ndi "tche", pamene ku Germany amati "tse". Kusakaniza ziwirizi kumamveka ngati kulakwitsa.

Kusochera kwa a alto kumachitika chifukwa anazolowera kutsamira pa soprano. Pano aliyense ali payekha. Mankhwala ake ndi awa. Kwaya yonse iphunzire limodzi kachuni koyamba, kamene tenor amayamba yekha, mpaka aliyense akazindikire. Kenako aliyense alembe ndi pensulo papepala lake gawo limene limalowa iye asanalowe, kuti azidikira ndi khutu, osati ndi kuwerenga kokha. Phatikizani magawo awiriawiri mosinthasintha: alto ndi besi, alto ndi tenor, soprano ndi besi. Mukafika pophatikiza onse, yambirani kumapeto, mabala asanu ndi atatu omaliza, kenako n'kumabwerera m'mbuyo chigawochigawo. Kwaya yoyambira pachiyambi nthawi zonse imadziwa tsamba loyamba bwino kwambiri, n'kumagwa pa lachitatu. Aimitseninso mozungulira ngati mwezi wokhala, kuti besi azimva soprano. M'mizere yowongoka a kumbuyo amamva a patsogolo mochepa kwambiri.

Kutsika ndiye nkhani yaitali. Zoyambitsa zambiri n'zathupi. Oimba akamatsika manotsi amaponda masitepe aakulu mopitirira, akamakwera amaponda aang'ono, ndiye chiganizo chilichonse chimataya kachidutswa. Auzeni kuti potsika aziganiza masitepe opapatiza, makamaka kuchoka pa do kupita pa ti ndi kuchoka pa fa kupita pa mi, ndipo pokwera aziponda mokwanira. Notsi lalitali limafota mpweya ukamatha, choncho m'gawo lililonse la anthu sikisi agawane malo opumira, asapume onse pamodzi, ndipo wopuma achoke ndi kubwerera mwakachetechete pakati pa vawelo. Mavawelo osagwirizana nawonso amagwetsa: wina akaimba "a" wotseguka, mnzake "a" wam'khosi, zimamveka ngati disikodi ngakhale onse ali pa notsi limodzi, ndipo poyesa kukonza amatsitsana. Kunjenjemeretsa mawu kwambiri kumabisa pakati pa notsi. Sitikuti akuchotseretu, chifukwa mawu ouma mokakamiza amaumitsa khosi n'kutsikanso, koma akuchepetse makamaka pamene magawo awiri akukhulana ndi pa notsi lomaliza.

Palinso chifukwa cha masamu, chimene chimagwira ngakhale akatswiri. Tikagawa theka la toni m'magawo 100, mi woyera amakhala wotsika ndi magawo 14 poyerekeza ndi wa piyano, ndipo so amakwera ndi 2. Ngati kwaya iyeretsa mgwirizano uliwonse, kwinaku ikugwira notsi lotsalira kuchoka ku mgwirizano wapitawo osalisuntha, pa kayendedwe kena ka manotsi imabwerera pa do amene wasuntha ndi magawo 21 ndi theka. Zikachitika kasanu, theka la toni lapita. Giovanni Battista Benedetti anasonyeza zimenezi m'makalata opita kwa wolemba nyimbo Cipriano de Rore, ndipo makalatawo anasindikizidwa mu 1585. Njira yothana nazo n'kusankha nangula: a besi asunge do ndi so osagwedezeka, ndipo amene ali pa mi ndiye azisintha pang'ono kuti agwirizane nawo.

Poyeserera musaimbe limodzi ndi kiyibodi. Perekani notsi loyamba, imbani chigawo chimodzi, imani, ndiye yerekezani. Mukachita zimenezi mabala asanu ndi atatu alionse mupeza malo enieni amene mumagwera, ndipo kawirikawiri amakhala amodzi kapena awiri okha. Zikakanika, kwezani nyimbo yonse ndi theka la toni. Si kuba ayi, eni ake ankachita zomwezo. Nthawi zambiri kwaya imagwa chifukwa kiyi yaika a soprano kapena a tenor pamalo amene mawu awo amasinthira kuchoka pachifuwa kupita kumutu.

Ngati zikulemerabe, bwererani kaye ku If ye love me ya Thomas Tallis. Ili m'Chingerezi, mawu ake ndi a Yohane 14, imayamba onse akuyenda pamodzi, ndipo kutsatizana kumabwera pang'onopang'ono.

Ndinatsitsa mapepala awiri a nyimbo imodzi pa intaneti. Pena pali chizindikiro cha sharp pamwamba pa notsi, pa pepala lina palibe. Lolakwika ndi liti? — Mayi woimba alto

Mwina palibe lolakwika, Mayi. Olemba a nthawiyo sankalemba zizindikiro zonse, poti woimba wophunzitsidwa ankadziwa yekha pokweza kapena potsitsa notsi: pofika pa mathero a chiganizo, komanso popewa mpata woipa wa pakati pa fa ndi ti. Mwambo umenewu umatchedwa musica ficta. Mkonzi wachilungamo amaika chizindikiro cha wolemba kutsogolo kwa notsi, ndipo maganizo ake amawaika pamwamba ndi zilembo zazing'ono. Mungathe kuwatsata kapena ayi, koma kwaya yonse igwiritse pepala limodzi. Mapepala aulere a pa masamba a intaneti a CPDL ndi IMSLP ndi othandiza zedi, kungoti ena anakonzedwa ndi anthu odzipereka ndipo zolakwika zimapezekamo. Sankhani limene mkonzi watchula buku lakale lomwe wakoperamo.

Ndikufuna kuyamba kumvetsera nyimbozi mwadongosolo. Ndiyambire pati, ndipo ndizimvetsera chiyani? — Mphunzitsi wopuma pantchito

Musayambe ndi Misa yathunthu ya mphindi makumi atatu, Aphunzitsi. Yambani ndi nyimbo zazifupi za magawo anayi, monga Ave verum corpus ya William Byrd, imene inatuluka mu 1605, nthawi imene Akatolika a ku England ankapembedza mobisa. Kudziwa zimenezi kumasintha kamvedwe: ndi nyimbo ya anthu ochepa m'chipinda, osati ya khamu m'tchalitchi chachikulu. Pezani kumasulira kwa mawu musanamvetsere. Ulendo woyamba ingomverani. Wachiwiri tsatirani besi yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wachitatu sakani malo amene magawo awiri akukhulana. Zomvera zam'makutu zimathandiza kuposa sipika ya foni, imene imameza besi, n'kukusiyirani theka la nyimbo.

Mukatero pitani kwa Tomás Luis de Victoria wa ku Spain, amene nyimbo zake za maliro za mu 1605 zili ndi magawo asanu ndi limodzi, ndipo zimagwira mtima msanga kuposa za Palestrina. Carlo Gesualdo, amene anamwalira mu 1613, mumusungire mtsogolo: manotsi ake amalumpha modabwitsa moti mungaganize kuti oimba asochera. Mukafuna kubwerera m'mbuyo kwambiri, kuli Hildegard wa ku Bingen, sisitere wa ku Germany amene anamwalira mu 1179. Zake ndi za chuni chimodzi chokha, ndipo zinatchuka kwa anthu wamba gulu la Gothic Voices litazijambula ndi Emma Kirkby kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Okonda zosakaniza angayese chimbale cha Officium cha mu 1994, mmene The Hilliard Ensemble ikuimba nyimbo zakale kwinaku Jan Garbarek akuliza saxophone pamwamba pake. Ife timaona kuti saxophone imaphimba zambiri zimene wolemba anakonza, koma chimbalechi chinakokera anthu ochuluka ku nyimbozi, ndipo zimenezo sitingazinyoze.

Yerekezaninso magulu. Stile Antico, mwachitsanzo, imaimba popanda wotsogolera woima patsogolo, oimba amangoyang'anana ndi kumverana mpweya, ndipo pa vidiyo mungaone mmene kulowa kwa gawo lililonse kumaperekedwera ndi maso.

Spem in alium ya Tallis muisiye komaliza. Ili ndi magawo 40, ogawidwa m'makwaya asanu ndi atatu a magawo asanu iliyonse, ndipo imatha pafupifupi mphindi khumi. Imayamba ndi liwu limodzi m'kwaya yoyamba, n'kumayenda kuchoka kwaya ina kupita ina mpaka yachisanu ndi chitatu, kenako onse 40 amalowa pamodzi, nyimbo n'kubwereranso njira yomwe inadzera. Chakumapeto onse amakhala chete kamphindi asanaimbe liwu loti respice, ndipo amabwera ndi mgwirizano umene khutu silinauyembekezere. Pa chimbale zambiri mwa izi zimapanikizana m'masipika awiri, ndiye ngati mungapeze mwayi woimva pamaso, oimba atazungulira omvera, khalani pakati penipeni. Pomvera kunyumba, tsegulani pepala la nyimboyo pa kompyuta n'kumatsatira ndi chala kwaya imene ikuimba, kuyambira pamwamba pa tsamba kutsikira pansi.